Momwe mungayezere osewera a m'makoleji draft ya NFL isanafike

Mu Malichi 2021, timu ya San Francisco 49ers, ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, inapereka kwa Miami Dolphins mwayi wake wosankha osewera a m'makoleji m'ndime yoyamba ya draft wa zaka zitatu, 2021, 2022 ndi 2023, kuti ikwere kufika pa nambala 3. Pamalo amenewo inatenga Trey Lance, quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu) wa ku koleji ya North Dakota State, mnyamata wa thupi labwino, waliwiro, wa dzanja lamphamvu, koma amene anali atangoyamba magemu 17 okha kukoleji. Chaka chotsatira timu yomweyo inatenganso quarterback wina, Brock Purdy wa ku Iowa State, pa nambala 262, munthu womaliza penipeni mwa onse osankhidwa chaka chimenecho. Pofika Febuluwale 2024, amene ankatsogolera 49ers mu Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana ukatswiri wa NFL, anali Purdy. Lance anali atamutumiza kale ku Dallas Cowboys.

Anthu amene analakwitsa apawa ndi olipidwa pa ntchito yomweyi, ali ndi ofufuza luso m'zigawo zonse za America, madokotala ndi makochi odziwa. Ndiye inu ndi ine, amene timaonera pa foni usiku, tingaphulepo chiyani? Ine ndaona kuti tingaphulepo zambiri, chifukwa kulakwitsa kwa pa draft kumabwera kawirikawiri ndi njira imodzi: anthu amakopeka ndi thupi komanso manambala a pa wotchi, n'kuiwala zimene wosewerayo wakhala akuchita pabwalo. Malangizo anga onse aima pamenepa. Diso liyambe, tepi yoyezera ndi wotchi zibwere pambuyo.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira mpira wa ku America: draft ndi njira imene matimu 32 a NFL amagawanirana osewera ochokera m'makoleji. Imachitika kumapeto kwa Epulo kwa masiku atatu, ili ndi ndime 7, ndipo osankhidwa amapitirira pang'ono 250. Timu imene inachita moipa kwambiri sizoni yapitayo ndiyo imayamba kusankha, akatswiri a Super Bowl amakhala omaliza. Wosewera amaloledwa kulowamo pakatha zaka zitatu chimalizireni sekondale.

Choyamba, chepetsani ntchito. Musayese kudziwa osewera mazana atatu, mudzangotopa n'kuyamba kubwereza za ena. Sankhani malo amodzi pabwalo, kaya ndi ma quarterback, kaya ndi ma wide receiver amene amawakha mpira, kapena otchinga kutsogolo, kenako tengani mayina asanu ndi atatu kapena khumi. Mayinawo mungawapeze pa mindandanda ya olosera imene imadzaza pa intaneti kuyambira Disembala. Tenganiko mayina okha, zifukwa zawo musawerenge kaye, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Gulani kope, wosewera aliyense akhale ndi masamba ake awiri.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse, onerani magemu athunthu. Timavidiyo ta zokoma zokhazokha timene timazungulira pa YouTube ndi pa Facebook tisiyeni. Ine ndinapsa nato. Chaka china ndinaika wide receiver wina pamwamba pa mndandanda wanga chifukwa cha kavidiyo ka mphindi zisanu ndi ziwiri, kodzaza ndi mipira yowakha ndi dzanja limodzi. Patatha masabata angapo ndinakhala pansi, foni nditaitsamiritsa ku chitini cha shuga, n'kuonera gemu yake yonse yolimbana ndi timu yamphamvu. Mpira ukakhala kuti sukubwera kwa iye ankangothamanga mwaulesi, manja ali lende. Cornerback, mdani amene ntchito yake ndi kulondera wowakha mpira, akamuimira pafupi n'kumugunda pachifuwa poyambira, ankachedwa kuchokapo moti quarterback ankatembenukira kwina. Zonsezi m'kavidiyo kaja munalibe. Ndinafufuta zimene ndinalemba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindilemba kanthu za munthu ndisanaone magemu ake atatu.

Magemu atatuwo asankheni mwadala. Imodzi ikhale yolimbana ndi timu yamphamvu kuposa zonse zimene anakumana nazo, ina ikhale imene manambala ake anali oipa kwambiri, yachitatu ya kumapeto kwa sizoni, thupi litatopa ndiponso adani atamuphunzira. Pa YouTube pamapezeka mavidiyo odulidwa amene amaonetsa ulendo uliwonse umene wosewera mmodzi anali pabwalo, ndipo gemu ya maola atatu imatha m'mphindi zosakwana makumi awiri, zimene zimathandiza bandulo ya intaneti ikakhala yochepa. Mukapeza vidiyo yotchedwa All-22, yojambulidwa pamwamba moti osewera onse 22 akuoneka, igwireni ndi manja awiri, chifukwa kamera ya pa TV imalondola mpira n'kubisa zambiri. Ulendo uliwonse uoneni kawiri kapena katatu. Maso akhale pa munthu wanuyo, mpira usakukokeni.

Kwa quarterback, yambani ndi mapazi. Kodi akamaponya amakhala ataponda bwino, kapena amaponya akubwerera m'mbuyo ngakhale palibe womuthamangitsa? Kenako onani mzere wa pa chipewa chake, umene umakuuzani kumene akuyang'ana. Ngati munthu woyamba amene amafuna kumuponyera watsekeredwa, kodi mutu umatembenukira kwa wachiwiri ndi wachitatu, kapena amangotsitsa maso n'kuthawa? Onaninso nthawi imene mpira ukuchoka m'manja. Kukoleji munthu amatha kudikira mpaka mnzake atamasukiratu. Mu NFL mpata umenewo kulibe, mpira uyenera kuchoka wowakhayo asanakhote n'komwe. Ndipo musangowerenga kuti mpira wagwidwa, onani pamene wagwera. Wofika pachifuwa munthu ali pa liwiro ndi wosiyana ndi umene wamuimitsa kapena kumugwetsa pansi. Timu imakhala ndi mipata inayi yoyendera mayadi 10, choncho ikani chizindikiro pa mpata wachitatu uliwonse pamene patsala mayadi 7 kapena kuposa. Apo adani amadziwa kuti aponya, ndiye pamaoneka chimene munthu ali.

Kwa wide receiver, funso lalikulu ndi loti amamasuka bwanji. Onani masitepe atatu oyamba pamene cornerback wamuimira pamphuno. Onani ngati akamakhota amatsitsa chiuno n'kutembenuka mwadzidzidzi, kapena amazungulira ngati lole pa raundabauti, zimene zimapatsa womulondera nthawi yomupeza. Onani ngati amawakha ndi manja kutali ndi thupi, kapena amadikira mpira umugunde pachifuwa. Kwa offensive tackle, amene amateteza quarterback m'mphepete mwa mzere, yang'anani mawondo ndi manja: wopinda m'chiuno m'malo mopinda mawondo amagwa chafufumimba akakumana ndi munthu wochenjera. Kwa amene ntchito yake ndi kugwetsa quarterback, sitepe yoyamba ndiyo chuma chake, kenako onani ngati ali ndi njira yachiwiri yoyamba ikakanika. Ambiri kukoleji amapambana ndi liwiro lokha chifukwa otchinga ake ndi ofooka.

Mukamaonera muzikumbukira kuti mpira wa kukoleji uli ndi malamulo ena osiyana. Timizere ta pakati pa bwalo, pamene mpira umaikidwa poyambira, n'totalikirana mafiti 40 kukoleji, pamene mu NFL ndi mafiti 18 ndi theka basi. Izi zikutanthauza kuti kukoleji mbali imodzi ya bwalo imakhala yotakasuka kwambiri, ndipo waliwiro amapeza malo amene sadzawaonanso akalowa ligi yaikulu. Komanso kukoleji wowakha mpira m'mphepete amafunika kuponda phazi limodzi mkati, mu NFL mapazi onse awiri. Tinthu tating'ono timeneti timasintha tanthauzo la zimene mukuonazo.

Chachitatu, lembani chigamulo chanu Febuluwale asanafike pakati. Lembani zinthu zitatu zimene amachita bwino, ziwiri zimene zimamuvuta, ndi ndime imene inuyo mukanamusankhira. Ikani deti. Ndimaumirira zimenezi chifukwa kumapeto kwa mwezi womwewo kumabwera phokoso lalikulu la mayeso a Combine, ndipo amene sanalembe kanthu amaiwala zimene maso ake anaona.

Mukatero ndiye tsegulani manambala a m'magemu, koma nambala iliyonse muifunse kuti inachokera kuti. Mayadi ambiri opezeka polimbana ndi makoleji ang'onoang'ono sangafanane ndi ochepa opezeka mu SEC kapena Big Ten, magulu a makoleji amphamvu kwambiri, kumene ambiri mwa adani nawonso akupita ku NFL. Matimu ena amasewera moponya timipira tafupitafupi tosavuta, ndipo quarterback aliyense kumeneko amaoneka wolondola. Onani kuti anayamba magemu angati: Purdy anatsogolera Iowa State zaka zinayi, Bo Nix anayamba magemu 61 asanasankhidwe ndi Denver Broncos mu 2024. Onaninso msinkhu. Wazaka 24 amene akugonjetsa anyamata a zaka 19 mwina wafika kale pamapeto pa kukula kwake, pamene wazaka 21 wochita zofananazo akadali ndi ulendo. Masiku ano osewera amasamuka makoleji mosavuta, ndipo kuyambira 2021 amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo akadali pasukulu, choncho ambiri amachedwa kutuluka. Cam Ward, amene anali woyamba kusankhidwa mu 2025, anadutsa m'makoleji a Incarnate Word, Washington State ndi Miami. Munthu wotere muoneni ku koleji iliyonse kuti mudziwe ngati ankakwera kapena anangopeza anzake abwino.

Kwa ochokera m'makoleji ang'onoang'ono, Senior Bowl, gemu yosonkhanitsa osewera osankhika a m'makoleji osiyanasiyana amene akulowa draft, ndi yothandiza kwambiri. Imachitikira ku Mobile, m'chigawo cha Alabama, kumapeto kwa Januwale kapena kuchiyambi kwa Febuluwale. Gemu yeniyeniyo ilibe phindu lalikulu, chofunika ndi masiku okonzekera, pamene amaika anthu awiriawiri kuti alimbane. Apo m'pamene mnyamata wa kusukulu yosadziwika amakumana ndi anzake a mayina.

Tsopano Combine, sabata ya mayeso a thupi ndi liwiro a osewera amene akulowa draft. Imachitikira ku Indianapolis chiyambire 1987, masiku ano m'bwalo la Lucas Oil Stadium, ndipo amaitana osewera opitirira 300. Amawayeza kutalika, kulemera, manja ndi mikono. Amathamanga mayadi 40, amene ndi pafupifupi mamita 37, amanyamula chitsulo cha mapaundi 225, pafupifupi makilogalamu 102, kangapo mmene angathere, amalumpha m'mwamba ndi kutsogolo, amazungulira timakoni titatu. Zonsezi amachita atavala kabudula, opanda chipewa, opanda womugunda, atakonzekera mayeso omwewo kwa miyezi iwiri. Chikomekome cha mkuyu chimagwira anthu ambiri sabata imeneyi.

Mu 2017 John Ross wa ku Washington anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.22, liwiro limene panthawiyo linali lisanaonekepo ku Combine. Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 9. Sizoni yake yoyamba sanawakheko mpira ngakhale umodzi, ndipo kuvulala kunamusowetsa mtendere zaka zonse anali kumeneko. Mu draft yomweyo munali Cooper Kupp wa ku Eastern Washington, amene anathamanga 4.62 n'kudikira mpaka nambala 69. Mu 2021 Kupp anatsogola ligi yonse pa mipira yowakha, 145, pa mayadi, 1,947, ndi pa ma touchdown (zigoli) owakha, 16, kenako anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu Super Bowl. Amene anaonera magemu ake a kukoleji anali ataona kale munthu wodziwa kumasuka, ndipo wotchi sinathe kuyeza zimenezo.

Chitsanzo china ndi Orlando Brown Jr. wa ku Oklahoma mu 2018. Anathamanga 5.85, chitsulo chija anachinyamula ka 14 kokha, ndipo anatsika mpaka ndime yachitatu, nambala 83, kwa Baltimore Ravens. Pabwalo anali munthu wovuta kumudutsa kukoleji, ndipo anakhalabe wotero: anasankhidwa ku Pro Bowl, gulu la osewera abwino koposa a chaka, zaka zinayi zotsatizana, n'kudzatenga Super Bowl ndi Kansas City Chiefs. Za Tom Brady, quarterback wotchuka koposa m'mbiri ya NFL, amene anathamanga 5.28 mu 2000 n'kusankhidwa pa nambala 199, aliyense amadziwa.

Sindikunena kuti Combine ndi yachabe. Ntchito yake ndi kutsimikizira kapena kukubwezani ku vidiyo. Aaron Donald wa ku Pittsburgh anali wamfupi poyerekeza ndi anzake a pakati pa mzere woteteza, pafupifupi masentimita 185. Magemu ake ankaonetsa munthu wosatchingika, ku Senior Bowl anasautsa aliyense, ndipo atathamanga 4.68 ali ndi thupi la makilogalamu pafupifupi 129, manambala anangovomereza zimene maso anali ataona. Rams inamutenga pa nambala 13 mu 2014, ndipo katatu konse anasankhidwa kukhala woteteza wabwino koposa mu ligi. Choncho tsegulani kope lanu lija. Ngati munalemba kuti munthu ndi waliwiro ndipo wotchi yavomereza, musamuwonjezere kanthu, liwiro lomwelo munaliwerengera kale. Ngati wotchi yatsutsa, bwererani mukaonenso gemu imodzi kapena ziwiri. Mukapeza kuti munaphonya, konzani. Mukapeza kuti pabwalo akuchitabe zimene munaona poyamba, khulupirirani bwalo. Muzisankhanso mayeso ogwirizana ndi malo ake: mayadi 40 ali ndi tanthauzo kwa cornerback, koma kwa wotchinga kutsogolo ofunika ndi mayadi 10 oyamba, timakoni tija ndi kutalika kwa mikono, kumene matimu ambiri amafuna kuyambire mainchesi 33 kwa offensive tackle. Manambala a pa pro day, tsiku limene koleji iliyonse imaonetsa osewera ake kwawo mu Malichi, muziwatenga mosamala, chifukwa ambiri amayezedwa ndi wotchi ya pamanja pabwalo limene mwini analizolowera.

Pali mtundu wa wosewera umene umandivuta mpaka lero, ndipo ndi bwino ndiutchule. Josh Allen ali ku Wyoming ankafikitsa mipira 56 yokha pa 100 iliyonse. Woyeza motsatira zimene ndalembazi akanamuika pansi, ndipo ambiri anaterodi. Buffalo Bills inamutenga pa nambala 7 mu 2018 chifukwa cha thupi ndi dzanja, inamupirira zaka ziwiri akuphunzira, ndipo mu sizoni ya 2024 anakhala wosewera bwino koposa mu ligi. Nthawi zina kubetcha pa thupi kumabala. Chimene ndimachita ndi munthu wotere n'kulemba zigamulo ziwiri, chimene ali lero ndi chimene angakhale zonse zitayenda bwino, kenako n'kufufuza m'magemu ngati zimene akulonjezazo zinaonekako ngakhale kangapo. Kwa Allen mipira ina yovuta kwambiri inalipo m'vidiyo, ndipo anzake omuzungulira anali ofooka. Ngati luso lolonjezedwalo silinaonekepo pabwalo ndi kamodzi komwe, ine sindilipira mtengo wa ndime yoyamba.

Matimu ali ndi zinthu ziwiri zimene sizifika pa foni zathu. China ndi zotsatira za madokotala, zimene ambiri a m'ligi amati ndiye chifukwa chenicheni chopitira ku Indianapolis. Jaylon Smith, linebacker (woteteza woima kumbuyo kwa mzere) wa ku Notre Dame, ankayembekezeka kusankhidwa m'gulu loyambirira mpaka pamene anavulala bondo pa 1 Januwale 2016 mu gemu ya kukoleji ya Fiesta Bowl. Mtsempha unakhudzidwa, anatsika mpaka nambala 34 kwa Dallas Cowboys, ndipo sizoni yonse yoyamba sanasewere. Chinacho ndi kucheza ndi wosewerayo maso ndi maso: ku Combine timu imakhala naye mphindi 18, kenako ili ndi ufulu woitanira osewera 30 kulikulu lake. Inu chitani zimene mungathe. Lembani magemu amene anaphonya chifukwa chovulala, malo amene anavulala, komanso ngati anzake anamusankhapo kukhala kaputeni. Mphekesera za khalidwe la munthu zimene zimatuluka mu Epulo popanda wonena dzina lake musazilembe m'kope. Awa ndi ana a eni a zaka 21 kapena 22, ndipo sabata zimenezi matimu ena amafalitsa nkhani mwadala kuti wosewera amene akumufuna atsike n'kuwafikira.

Kenako sanjani mndandanda wanu. Musavutike ndi kusiyanitsa wachinayi ndi wachisanu, aikeni m'magulu: oti angayambe gemu chaka choyamba, oti afunika chaka chimodzi kapena ziwiri, oti adzakhala othandizira. Mukafuna kulosera kumene adzasankhidwe, kumbukirani kuti malo pabwalo sali ndi mtengo wofanana. Chiyambire 2011 malipiro a osewera atsopano ndi oikidwiratu malinga ndi nambala imene asankhidwira, choncho timu imapindula kwambiri ikapeza motchipa munthu wa pamalo odula, monga quarterback, offensive tackle, wogwetsa quarterback, cornerback kapena wide receiver. N'chifukwa chake mu 2024 ma quarterback asanu ndi mmodzi anapita m'kati mwa osankhidwa 12 oyamba, pamene running back (wothamanga ndi mpira) woyamba anadikira mpaka ndime yachiwiri. Ganiziraninso kaseweredwe ka timu. Baltimore Ravens itatenga Lamar Jackson pa nambala 32 mu 2018 inasintha kaseweredwe kake konse kuti kagwirizane ndi miyendo yake, ndipo chaka chotsatira anali wosewera bwino koposa mu ligi. Pansi pa dzina lililonse lembani mtundu wa timu imene ingamukomere ndi imene ingamuwononge.

Ndime yoyamba imayamba Lachinayi 8 koloko madzulo nthawi ya ku New York, imene ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi 2 koloko usiku, kucha kwa Lachisanu. Khalani ndi kope lanu pambali, ndipo dzina likatchulidwa lembani nambala ndi timu pafupi ndi chigamulo chanu, osafufuta kanthu ngakhale musiyane kwambiri ndi matimu. Mamakisi amene olemba nkhani amapereka m'mawa mwake musawalabadire, palibe amene waseweratu. Osankhidwa amasaina kontrakiti ya zaka zinayi, ndipo kwa a ndime yoyamba timu imagamula ikatha sizoni yachitatu ngati iwonjezere chaka chachisanu. Nthawi imeneyo ndi imene inunso mutulutse kope lija. Werengani zimene munalemba za aliyense, ndipo pa amene munaphonya bwererani ku magemu atatu aja mukaone ngati chizindikiro chinalipo inu n'kuchidumpha, kapena ngati munachiona n'kuchichepetsa. Zimene mwapezazo zilembeni pa tsamba loyamba la kope la chaka chimenecho musanayambe kuonera gulu latsopano.